Backup ikamakana pa Windows chifukwa cha mafayilo otsekedwa: chochita pang'onopang'ono

Alamu anga anafika Loweruka masana, laputopu ili m'chikwama chakumsana, hard drive yakunja ili m'thumba la jekete. "Alamu, chinthuchi chandikana," anatero asanakhale n'komwe pansi. Ankafuna kuchotsa Windows 10, popeza thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 October 2025, n'kuikamo Windows 11. Koma asanafufute kalikonse anafuna asunge kaye zawo: zithunzi za chinkhoswe, makalata a kuntchito, ndi mafayilo a Excel a gulu lawo la banki m'khonde.

Poyamba anachita zimene ambirife timachita. Anatsegula C:, kusankha zonse, n'kukokera ku hard drive. Sipanapite nthawi Windows inaima, ikuti "You need permission to perform this action". Mnzawo wakuntchito anawauza kuti ayese robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo. Anaisiya ikuyenda usiku wonse, ndipo m'mawa anaipeza ili pa fayilo imodzi yomweyo, NTUSER.DAT, ikungobwereza kuti "ERROR 32", kenaka "Waiting 30 seconds... Retrying...". Robocopy mukapanda kuiuza zochita, fayilo yokana imaiyesa maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 isanayesenso. Mukawerengera, ndi masiku pafupifupi 347 pa fayilo imodzi. Alamuwo akanakolola chimanga, kugalauza, n'kudzalanso china, makinawo ali pomwepo.

Mafayilo ambiri amene amakana motere si anu, ndi a Windows, ndipo ambiri mwa iwo simukuwafuna n'komwe. Ntchito yagona posiyanitsa fayilo imene yakana koma ilibe ntchito ndi imene yakana koma ndi yofunika. Tiyeni tiyambe.

Yambani ndi kuwerenga uthengawo

Musathamangire kudina Skip kapena Cancel. Lembani papepala zinthu ziwiri: dzina la fayilo pamodzi ndi foda imene ili, ndi nambala ya vutolo. Manambala amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Nambala 5, imene mapulogalamu ena amailemba 0x80070005, ndi "Access is denied". Apa Windows ikunena kuti akaunti yanu ilibe chilolezo chowerenga fayiloyo. Nambala 32, kapena 0x80070020, ikutanthauza kuti fayiloyo ili m'manja mwa pulogalamu ina pakalipano. Yoyambayo ili ngati chitseko chimene mulibe kiyi wake. Yachiwiriyo, kiyi muli naye, koma m'bafamo muli munthu ndipo wakhoma cham'kati. Ndaonapo anthu akutha masana onse akusintha zilolezo pa fayilo ya nambala 32, osadziwa kuti ngakhale atakhala Administrator kangati, wam'katiyo satuluka.

Ngati pulogalamu yanu ya backup yangolemba "Failed" osafotokoza, dinani Windows ndi R limodzi, lembani eventvwr, pitani ku Windows Logs, kenaka Application, muyang'ane mizere yofiira ya nthawi imene backup inalephera. Mukaona mawu akuti VSS pamenepo, pitani msanga ku gawo la VSS m'munsimu.

Awa asiyeni

Pamwamba penipeni pa C: pali mafayilo atatu obisika. Pagefile.sys ndi malo amene Windows imatulako katundu RAM ikadzaza. Swapfile.sys ndi mng'ono wake, anabwera ndi Windows 8. Hiberfil.sys imasunga zimene zinali mu RAM kompyuta ikagona tulo ta hibernate. Atatuwa amatha kudya magigabayiti ambiri, amakhala otsekedwa nthawi yonse imene Windows ikuyenda, ndipo Windows yatsopano imadzipangira ake. Kuwakopera n'kutunga madzi ndi dengu.

Foda ya System Volume Information ndi kumene kumakhala ma restore point, amene amabwezera Windows mmene inalili kale ikasokonekera, ndipo imalola akaunti ya SYSTEM yokha kulowamo. $Recycle.Bin ndi nkhuti ya zimene munataya kale. Mafoda a C:\Windows ndi Program Files sathandiza kuwakopera pamanja, chifukwa pulogalamu siyenda pongoika foda yake pa kompyuta ina. Imafuna kuikidwa mwatsopano.

Nanga NTUSER.DAT imene inagoneka alamu anga panjira? Ndi chigawo cha registry, nkhokwe ya makonda a Windows, chimene chimasunga makonda a akaunti yanu, monga chithunzi cha pa desktop ndi mmene munatchera mapulogalamu. Windows imaigwira kuyambira pamene mwalowa mpaka mutatuluka. Ili ndi anzake a maina othera ndi LOG1 ndi LOG2, komanso ina yotchedwa UsrClass.dat mkati mwa AppData. Mulibe chithunzi chanu kapena kalata yanu m'menemo.

Ndipotu Microsoft yomwe ili ndi mndandanda wa mafayilo osayenera kusungidwa, mu registry, pa kiyi yotchedwa FilesNotToBackup. Mapulogalamu abwino a backup amauwerenga n'kulumpha okha. File Explorer sauwerenga, n'chifukwa chake imangogunda khoma.

Sankhani chimene mukufuna

Dzifunseni: mukufuna mafayilo anu okha, kapena kompyuta yonse mmene ilili, kuti hard drive ikafa mubwezeretse Windows ndi mapulogalamu onse nthawi imodzi? Kwa anthu ambiri yankho ndi loyambalo, ndipo njira yake ndi yapafupi. Lachiwirilo limafuna chimene amati system image, ndipo sichitheka pokopera pamanja.

Ngati mukufuna mafayilo anu okha

Tsekani kaye mapulogalamu onse. Outlook makamaka, chifukwa imagwira fayilo yake ya .pst, imene nthawi zambiri imakhala mu Documents\Outlook Files. Fayilo imeneyi ndi yofunika kwambiri ngati imelo yanu ndi ya POP, mtundu umene umatsitsira makalata pa kompyuta, poti makalata ena akhoza kukhala momwemo mokha. Ya .ost ilibe nkhawa yotero, chifukwa ndi kope chabe la zimene zili pa seva. Outlook ili ndi khalidwe lotsalira kumbuyo mutaitseka, choncho tsegulani Task Manager muone ngati yachokadi.

Mukasowa chimene chagwira fayilo, dinani Windows ndi R, lembani resmon, pitani pa CPU, ndipo pa Associated Handles lembani dzina la fayiloyo. Dzina la pulogalamu yoigwirayo lituluka. Ikakhala yanu, itsekeni. Ikakhala System kapena svchost, musaikhudze.

Tsopano sakani Command Prompt pa Start, dinani kumanja pa iyo n'kusankha Run as administrator. Tiyerekeze kuti akaunti yanu ndi Dzina ndipo hard drive yakunja ndi E:. Lembani mzere uwu wonse:

robocopy "C:\Users\Dzina" "E:\Backup\Dzina" /E /XJ /R:1 /W:1 /XF ntuser.dat* UsrClass.dat* /XD "C:\Users\Dzina\AppData\Local\Temp" /TEE /LOG:E:\lipoti.txt

Taonani kuti tikuyambira pa foda ya akaunti yanu, osati pa C: yonse. Pamenepo pokha tazemba pagefile.sys, System Volume Information ndi ena onse aja. /E ikutenga mafoda onse am'kati. /R:1 ndi /W:1 ndiwo akanapulumutsa alamu anga: yesa kamodzi, dikira sekondi imodzi, pitirira. /XF ikulumpha mafayilo amene tatchula, /XD ikulumpha foda ya zinyalala. /LOG ikulemba lipoti, /TEE ikuonetsanso pa sikirini.

/XJ ndiyofunika kuimvetsa. Kuyambira pa Windows Vista, Microsoft inasintha maina a mafoda. "Documents and Settings" inasanduka Users, "My Documents" inasanduka Documents. Pofuna kuti mapulogalamu akale asasochere, anasiya zikwangwani zolozera ku malo atsopano, zotchedwa ma junction. Zimaoneka ngati mafoda, koma mukazitsegula zimakana ndi nambala 5, ndipo anthu amaganiza kuti ataya zinthu. Chimodzi mwa izo, Application Data mkati mwa AppData\Local, chimalozera ku foda yomwe chilimo. Pulogalamu yokopera ikachitsatira imatha kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake, ikupanga Application Data mkati mwa Application Data, mpaka hard drive kudzaza ndi mafoda ovuta n'kufufuta komwe. /XJ imati zikwangwanizo usazitsatire.

Mukafuna kuona kaye zimene zichitike osakopera kanthu, onjezerani /L kumapeto. Ndipo ndikupempheni: pa intaneti mupeza ambiri akulimbikitsa /MIR. Imeneyi imafufuta ku E: chilichonse chimene kulibe ku C:. Mukasemphanitsa maina awiriwo, mwafufuta zanu ndi manja anu. Ine sindiipereka kwa munthu amene akuyamba kumene.

Robocopy ikamaliza imalemba katebulo kokhala ndi Total, Copied, Skipped, Mismatch, FAILED ndi Extras. Diso lanu likhale pa FAILED. Ngati pali nambala, tsegulani lipoti.txt mu Notepad, sakani mawu akuti ERROR, muone mafayilo amodziamodzi. Akakhala a mkati mwa AppData\Local, monga a WebCache kapena a Packages, musadandaule nawo. Akakhala a mu Documents, Desktop kapena Pictures, amenewo ndiwo ofunika kuwalondola.

Kanthu kena ka AppData: mbiri yanu ya Firefox ndi makalata a Thunderbird zimakhala mu AppData\Roaming, ndipo zimasamuka bwino mapulogalamuwo akakhala otseka. Koma mapasiwedi a Chrome ndi Edge amakhomedwa ndi kiyi womangirizidwa ku akaunti yanu ya Windows. Fayilo ikopedwa bwinobwino, koma pa Windows yatsopano siitseguka. Yatsani sync kuti asungidwe mu akaunti yanu ya pa intaneti, kapena atulutseni kudzera mu Settings musanafufute kompyuta.

Mafayilo anu enieni akakana

Apa pali zifukwa zingapo, ndipo ndiyamba ndi chimene chafala masiku ano. Ngati Documents yanu ili mu OneDrive, mafayilo okhala ndi kachizindikiro ka mtambo sali pa kompyutapo. Pali dzina lokha, zenizenizo zili pa intaneti. Backup ikawafika popanda netiweki, kapena OneDrive ili yozimitsa, imalephera, nthawi zina ndi nambala 0x8007016A. Dinani kumanja pa fodayo, sankhani "Always keep on this device", mudikire zizindikiro zisanduke zobiriwira. Onani kaye kukula kwa fodayo, chifukwa izi zimatha bandulo mosakhalitsa.

Chachiwiri ndi hard drive yochokera mu kompyuta ina. Mwaichotsa mu laputopu yakufa, mwailumikiza ku yanu, ndipo foda ya Users ikukana. Windows siizindikira munthu ndi dzina, imamuzindikira ndi nambala yaitali yotchedwa SID, ndipo SID yanu yatsopano si imene inalembedwa pa mafayilowo. Njira yaukhondo ndi kuonjezera /B pa robocopy. Imeneyi imagwiritsa ntchito mphamvu ya backup imene Administrator ali nayo, n'kuwerenga mafayilo osasintha chilolezo chilichonse. Kumbukirani kuti /B imachiza nambala 5 yokha, nambala 32 ayi.

Malamulo a takeown ndi icacls, osinthira umwini ndi zilolezo za mafayilo, amathandizanso pa foda ya munthu ya pa hard drive yakale ngati imeneyo. Koma musawayendetse pa C:\Windows, pa WindowsApps, kapena pa C: yonse ya kompyuta imene mukugwiritsa ntchito. Mafayilo amenewo mwini wake ndi akaunti yotchedwa TrustedInstaller, ndipo anaikidwa choncho dala kuti inu kapena kachilombo musawasinthe. Ndinakonzapo kompyuta ya pa ofesi ina imene wina anailanda umwini C: yonse kuti backup idutse. Backup inadutsadi, koma Start inasiya kutseguka, Windows Update n'kumalephera, ndipo mapeto ake tinaikamo Windows mwatsopano.

Chachitatu ndi mafayilo okhomedwa ndi EFS, njira ya Windows yokhomera mafayilo, amene amaonetsa kaloko pa chizindikiro chawo. Amatseguka ndi akaunti yokhayo imene inawakhoma. Ngati mungathe kulowa mu akauntiyo, akopereni muli momwemo, ndipo sungani kiyi wake ndi lamulo la cipher /x. Mukafufuta Windows musanatero, palibe katswiri amene adzawatsegule. Chimodzimodzi BitLocker, imene imakhoma hard drive yonse: lembani penapake kiyi wake wa manambala 48, amene kawirikawiri amapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, musanasunthe hard drive.

Onaninso Windows Security, pa Ransomware protection. Ngati Controlled folder access ndi yoyatsa, imaletsa mapulogalamu osawadziwa kulemba m'mafoda otetezedwa, zimene zimavutitsa pobwezeretsa mafayilo, kapena ngati munaika hard drive ya backup pa mndandandawo. Musaizimitse. Lolezani pulogalamu yanuyo pa "Allow an app through Controlled folder access".

Ngati mukufuna kompyuta yonse: VSS

Mwina mwadzifunsa kale: ngati registry imakhala yotsekedwa nthawi zonse, mapulogalamu a backup amaitenga bwanji? Yankho ndi Volume Shadow Copy Service, VSS mwachidule, imene yakhalapo kuyambira nthawi ya Windows XP ndi Windows Server 2003. Backup ikayamba, VSS imauza zigawo za Windows zotchedwa ma writer kuti zimalize zimene zikulemba. Kenaka imaimitsa kulemba pa hard drive kwa masekondi osapitirira 10, n'kujambula mmene zinthu zilili panthawiyo. Pulogalamu ya backup imakopera kuchokera pa chithunzicho, inu mukupitiriza ntchito. Pa chithunzipo palibe fayilo imene wina waigwira.

Choncho pulogalamu yeniyeni ya backup ikadandaula za fayilo yotsekedwa, kawirikawiri ndiye kuti VSS yadwala. Mu Command Prompt ya Administrator lembani:

vssadmin list writers

Writer aliyense ayenera kuonetsa "State: [1] Stable" ndi "Last error: No error". Wina akaonetsa Failed kapena Timed out, yambitsaninso kompyuta, koma ndi Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11 Shut down sizimitsa zonse, chifukwa Fast Startup imasunga chigawo cha Windows mu hiberfil.sys muja n'kuchidzutsa ndi matenda ake omwe. Restart ndiyo imayambira pachiyambi. Mukatero bwerezani lamulolo. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa.

Likapitirira, tsegulani services.msc muone "Volume Shadow Copy" ndi "Microsoft Software Shadow Copy Provider". Zonse ziwiri zikhale pa Manual. Mapulogalamu ena olonjeza kufulumizitsa kompyuta amaziika pa Disabled. Ngati System Writer sakuoneka n'komwe pa mndandanda uja, yambitsaninso Cryptographic Services, poti ndi kumene amakhala.

Kenaka onani malo:

vssadmin list shadowstorage

Chithunzi chija chimafuna pogona. Malo ololedwa akachepa, chimafa backup ili pakati. Aonjezereni motere:

vssadmin resize shadowstorage /for=C: /on=C: /maxsize=10%

Samalani kuti musachepetse m'malo moonjezera, chifukwa mukachepetsa ma restore point akale amafufutika. Ndipo ngati C: yatsala ndi kamalo kochepa, sesani kaye. Pa makompyuta amene anayambira pa Windows 7 pali vuto lina: kachigawo ka System Reserved ndi ka 100 MB kokha, ndipo kakadzaza system image imakana ndi nambala 0x80780119. Kukulitsa kachigawoko ndi ntchito yoyenera munthu wozolowera, mutasunga kale mafayilo anu ndi robocopy.

Lembaninso vssadmin list providers. Mukapeza dzina la pulogalamu ya backup imene munachotsa kalekale, zotsalira zake zikhoza kukhala zikulimbana ndi yatsopanoyo. Mapulogalamu awiri a backup asamayendenso nthawi imodzi.

Zonsezi zikakanika, mwina mafayilo a Windows aonongeka, zimene zimachitika kompyuta ya pa desiki ikamazimirwa magetsi ili mkati molemba. Yendetsani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, imene imafuna intaneti, kenaka sfc /scannow, kenaka chkdsk C: /scan. Chkdsk ikanena za malo oonongeka, kapena hard drive ikamalira kuti tiki tiki, lekani zokonza, kopererani zithunzi ndi makalata anu msangamsanga.

VSS ikachira, system image mungaipange kudzera mu Control Panel, pa "Backup and Restore (Windows 7)", n'kudina "Create a system image". Dzinalo lisakusokonezeni, ilipo pa Windows 10 ndi 11 pomwe. Okonda kulemba angachite motere:

wbadmin start backup -backupTarget:E: -include:C: -allCritical -quiet

Ipanga foda yotchedwa WindowsImageBackup pa E:. Musaisinthe dzina kapena kuilowetsa mu foda ina, chifukwa pobwezeretsa Windows imaifuna pamwamba penipeni ndi dzina lomwelo.

Musaiwale mbali yolandira

Nthawi zina timaimba mlandu mafayilo a Windows pamene wolakwa ndi hard drive yolandirayo. Dinani kumanja pa E:, pitani pa Properties, muone File system. FAT32, imene mafulashi ambiri amabwera nayo, siilandira fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo atakhalapo ambiri. System image imafuna NTFS. Ndipo laputopu ikhale pa chaja, itauzidwa kuti isagone mpaka ntchito ithe.

A Mac, nkhani yanu ndi yofanana koma maina ndi ena. Mukaona "Operation not permitted", musathamangire kuzimitsa System Integrity Protection, chitetezo cha mafayilo a Mac chimene Apple inabweretsa mu 2015 ndi El Capitan. Kuyambira pa Mojave mu 2018, pulogalamu ya backup kapena Terminal imafuna chilolezo cha Full Disk Access, chimene mumapereka mu System Settings, pa Privacy & Security.

Tsegulani zimene mwasunga

Chotsani hard drive bwinobwino ndi Eject, muilumikize ku kompyuta ina ngati ilipo, mutsegule mafayilo angapo a m'mafoda osiyanasiyana: chithunzi, PDF, Excel, vidiyo yaikulu. Yerekezani kuchuluka kwa mafayilo a mu Documents ndi Pictures mbali zonse ziwiri podina Properties.

Pakhoza kuchitika kanthu kena koopsa mtima. Mukakopera ndi robocopy kuchokera pamwamba penipeni pa drive, monga D:\ yonse, foda yolandirayo imatengera chizindikiro cha hidden ndi system n'kuzimiririka, ngakhale malo akuoneka kuti adyedwa. Mafayilo alipo. Lembani attrib -s -h "E:\Backup" ndipo fodayo ibwerera.

Kwa alamu anga, ulendo wachiwiri unatha tisanamalize kumwa tiyi. FAILED inaonetsa mafayilo ochepa, onse a mkati mwa AppData\Local kupatula imodzi: Excel ya banki m'khonde ija, imene anali ataisiya yotsegula kuseri kwa mawindo ena. Tinaitseka, n'kubwereza mzere womwewo. Robocopy inalumpha zonse zimene inali itakopera kale n'kutenga imodziyo. Anaitsegula pa kompyuta yanga, kuyang'ana mzere wa ngongole za mwezi watha, n'kunena kuti, "Zilipo zonse, alamu. Fufutani."